Mabotolo Awiri pa Tebulo Langa

Lamulungu limenelo ndinadzuka mtima uli m'mwamba. Mwana wanga wamkazi amabwera ndi mnyamata wofuna kumukwatira, woperekera zakudya mu lesitilanti ina ku Fourways. Agogo a mnyamatayo anachoka kwathu kubwera kumigodi kalekale, iye anabadwira konkuno ku Joni. Ndinasesa kanyumba kathu ka ku Cosmo City, n'kusesanso. Ndinaphika mpunga, nkhuku ya lokolo ndi mpiru wotendera, koma mchere ndimangolawalawa osaumva.

Anafika masana, waulemu ndithu, chipewa kumanja. Dzanja linalo, mabotolo awiri a vinyo. Ine ndine wa Mvano. Tsiku lovala yunifolomu ndinalonjeza pamaso pa Mulungu kuti choledzeretsa sichidzadutsa pakhosi panga. Mwana wanga anandilondola kukhitchini.

"Amama, chonde musamuchititse manyazi. Ndi wamanyazi kale. Akachoka lero wosalandiridwa, sabweranso."

"Nanga iwe sunamuuze kuti sindimwa?"

"Ndimaopa."

Titapemphera, mnyamatayo anaimirira n'kutsegula botolo lofiira pang'onopang'ono ngati akuchotsa munga. Anati limeneli lakhala zaka zambiri m'chipinda chozizira, likuyenera nkhuku yanga. Ndinafuna kufunsa ngati silinawole, ndinadzigwira. Anathira pang'ono kwambiri m'tambula yanga yokha, n'kuima pambali panga, botolo m'manja, kudikira.

Inenso ndinadikira. Kwathu wobweretsa chakumwa ndiye amayamba kumwa, anthu aone kuti mulibe kanthu. Ndimaganiza, mwana ameneyu sanaleredwe kodi, akufuna ndiyambe ine? Iye akuyang'ana tambula, ine ndikuyang'ana iye, mpunga ukuzizira. Pansi pa tebulo ndimangopotokola nsonga ya chitenje.

"Amama, kuntchito kwawo wamkulu wa patebulo ndiye amalawa. Akukupatsani ulemu," anatero mwana wanga.

Mumtima ndinati Ambuye, ndipatseni mawu. Ndinanyamula tambula ija ndi manja awiri, n'kununkhiza. Fungo lake ngati masuku akupsa m'nkhuti, komanso ngati kabati yakale. Ndinamubwezera mnyamatayo.

"Mwananga, kwa agogo ako wobweretsa ndiye amayamba. Ndiponso ine ndinalonjeza kutchalitchi, sindimwa. Imwa iwe, undiuze mmene akukomera."

Anaika botolo pa tebulo. Ndinati basi, ndamutaya. Kenaka anafunsa m'Chichewa chake chodukaduka chosakaniza ndi Chizulu ngati n'zoona kuti kumudzi amatero. Akuti agogo ake amayamba apsontha asanapatse mlendo, iye amayesa ndi umbombo.

Mwana wanga anaseka mpaka kutsamwa. Mnyamatayo anamwa, n'kuyamba kundifotokozera: poyamba kuwawasa, kenaka kutsekemera kobisala, ndipo ukaluma nkhuku msuzi umamveka kawiri. Ine ndimatafuna nkhuku yanga n'kumayesa kuumva kawiriko.

Botolo lachiwiri linali la thovu. Chitsekero chinaphulika, ndinadzidzimuka mpaka supuni pansi, poti kuno ukamva phokoso lotero umayamba waganiza zina. Timathovu timakwera m'matambula mwawo osatopa. Ine anandithirira madzi m'tambula yofanana, tinagundanitsa.

Mtima sunakhale pansi msanga. Ndimaganiza za amayi anzanga a Mvano akadzaona mabotolo m'bini mwanga, ndidzati chiyani tikadzakumana Lachinayi. Koma ndinavundukula mphika, n'kufufuza nthutumba, n'kuika m'mbale ya mnyamatayo.

"Amama, imeneyo simumapatsa munthu," anatero mwana wanga.

"Khala chete iwe. Idyani, bambo."