Kansalu ka Pachifuwa

Ndikamva fungo la chimanga chootcha litasakanikirana ndi utsi wa dizilo, m'maso mwanga mumabwera Anachisale, mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu ku Nkaya, akuthamanga m'mbali mwa sitima, lichero pamutu, dzanja likupereka chimanga pazenera, pakamwa pakukuwa kuti, "Chamoto! Chamoto!" Munthu wa zidzukulu zitatu, koma liwiro ngati wakuba nkhuku!

Liwiro inenso ndinali nalo, mpaka chaka chimene ndinalowa sitandade seveni, mawere atamera. Lachitatu lina pa masewera ndikuthamanga, anyamata anayamba kuwomba m'manja motsatira kugwedezeka kwa chifuwa changa. Basi, kuyambira pamenepo Lachitatu lililonse ndinkanama kuti mutu ukundipweteka, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango nditapinda manja pachifuwa. Kenako matendawo anasanduka enieni. Ndinkalira osamenyedwa, chakudya osachifuna, anzanga ndikuwathawa, mpaka ndinauza amayi kuti sukulu ndasiya. Iwo anangoti n'kukula kumeneko, zitha zokha.

Anachisale anandipeza ndikutsuka mbale, mapewa nditawakokera kutsogolo monga ndinali nditazolowera.

"Iwe Felista, ukubisa chiyani pamenepo, chuma cha boma?"

"Iyayi, palibe."

"Palibe chiyani! Lowa kuno."

M'nyumba mwawo anang'amba chitenje chakale chonunkha utsi, n'kuchipinda kawiri, n'kundizunguliza nacho pachifuwa mkati mwa bulauzi. Mfundo anamanga m'khwapa, ndipo anakoka mpaka ndinati mayo.

"Tonse a pasiteshoni timamanga chonchi. Umayesa ndimathamanga ndi mapemphero okha? Tadumpha!"

Ndinadumpha. Palibe chinagwedezeka! Ndinadumphanso, kachitatu, kachinayi, iwo ali kuseka atagwira m'chiuno. Nthawi yomweyo sitima inalira, ndipo ndisanaganize n'komwe, lichero linali pamutu panga.

"Bogi yomaliza uko kuli anjala. Liwiro!"

Abale inu, ndinathamanga! Timiyala tikuthetheka kumapazi, mphepo ikulira m'makutu, anthu pamazenera akundiitana uku ndi uku, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankandiyang'ana pachifuwa, onse maso pa chimanga. Chimodzi ndinagwetsa, chotsala chonse chinatha. Ndinabwerera thukuta lili kamukamu, ndikuseka misozi ikutsika, mtima utapepuka kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri. Tsiku limenelo ndinadya mpaka amayi anandilanda mbale.

Lachitatu lotsatira ndinali pabwalo la sukulu, yunifomu yochapa, kansalu kali mkati. Anyamata aja anakonzekera manja awo, koma anasowa chowombera. Awiri a iwo ndinawasiya m'mbuyo akutsokomola fumbi langa.

Lero ndimaphunzitsa ku Balaka, ndipo m'kabati yanga, pansi pa choko, mumakhala tinsalu ta chitenje topindapinda. Mtsikana akabwera tsiku la masewera mapewa atawakokera kutsogolo, n'kunena kuti mutu ukumupweteka, sindithamangira mankhwala. Ndimatseka chitseko cha kalasi, n'kumuuza kuti, "Tabwera kuno, kweza manja."