Ndinafa Lamulungu Masana Pokafuna Mwana Wanga

Mwana wanga atangopita ku Joni ankaimba foni mpaka khutu kutentha. Kenako mafoni anayamba kufupika. "Muli bwanji ababa, amayi ali bwanji, chabwino." Basi. Tsiku lina anadula ndili pakati pa "tili bwino", moti "bwino" ameneyo ndinauza mphepo. Ndikulumbira, sikelo yoyezera tiyi pa esiteti inkandiuza zambiri kuposa mwana wobereka ndekha.

Ndiye mnansi wathu wa kumalaini komwe timakhala antchito, pobwera kuchokera ku Joniko, anandipatsira foni yakale ya mwanayo, yopanda mabatani, galasi long'aluka pakona. Uthenga unali wakuti m'menemo muli gemu, mwanayo wandikonzera kale kamunthu kondiimira, ndipo Lamulungu masana ndikamupeze m'nyumba ya alendo ya pafupi ndi chitsime. Ndinafunsa kuti chitsime chake chiti, cha ku Kapichi kapena cha ku Joni. Anati cha m'foni. Ndinagwedeza mutu. Zaka zonse zomwe ndathyola tiyi ndaphunzira kuti kapitawo akalankhula zosamveka umavomera kaye, kumva kumabwera pambuyo.

Netiweki kwathu imakhala kumtunda kwa munda, pomwe mizere ya tiyi imathera pa mtengo wa bulugama. Imagwira ukayang'ana ku Makwasa, ndipo ukayetsemula yathawa. Titaweruka kutchalitchi ndinakwera kumeneko, mkazi wanga ali pambuyo, akuti akufuna aone mwana wake ndi maso.

Gemu itatseguka ndinapeza kamunthu kataima pamsewu, kovala kabudula wamkati yekha, ndodo m'manja.

"Ndani ameneyo?" anafunsa mkazi wanga.

"Zikuoneka kuti ndine."

"Mwana wakutumizirani foni koma thalauza wakumanani?"

Kuyenda kokha inali nkhondo. Ndinakhala nthawi ndithu ndikuguguda mutu pakhoma la eni. Anthu ankadutsa, ena pa akavalo, ena pa akambuku, wina pa nkhuku yoposa thirakitala ya pa esiteti. Sindikuwonjezera ngakhale nthenga imodzi. Onsewo ndinkawalembera moni, koma kumeneko anthu sanaleredwe, palibe anayankha.

Amene anandilankhula anali akulu ena andevu, oima pamphambano, chizindikiro chachikasu chikulendewera pamwamba pa mutu. Chizungu changa ndi cha pa esiteti, chimakwana kumva ntchito ikaperekedwa, ndipo imeneyi inalidi ntchito: ndikawathyolere masamba kuthengo. Masamba! Sabata yonse dengu kumsana, Lamulungu ndilowe m'foni, nakonso masamba. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti ndili pa ulendo, mwana akundidikira. Anabwereza mawu omwe aja, ndevu zikugwedera chimodzimodzi. Munthu wamkulu akabwereza sumukana. Ndinapita. Ine ndinkafuna masamba awiri ndi kansonga monga timathyolera, koma kamunthuko kankazula chitsamba chonse ndi mizu yomwe. Pa esiteti akanakachotsa ntchito tsiku lomwelo.

Kumeneko n'kumene nguluwe inandipeza. Sindinailakwire kanthu. Inandiyang'ana, inandigunda, foni yonse inachita mbuu.

"Ndafa," ndinauza mkazi wanga.

"Mwafa bwanji mukulankhula?"

"Apa alemba choncho."

Ndinadzukira kumanda, ndikuonekera mkati ngati nkhungu ya chiperoni, popanda nyimbo, popanda wolira ndi mmodzi yemwe. Mkazi wanga anati ndisakagwire mbale kunyumba ndisanasambe. Zoti kumeneko munthu amathamangira mtembo wake n'kuulowanso ndinazitulukira mwangozi, ndipo nguluwe ija inali ikudikira pomwepo. Tinadziwana bwino masana amenewo.

Dzuwa linali litapendeka. Ndinayamba kuopa kuti mwana atopa n'kuchoka, aziganiza kuti bambo ake sanafune kubwera. Akulu aja ndinawasiya ndi masamba awo, andikhululukire, n'kutsata msewu mpaka ndinaona chitsime, pambali pake nyumba, chitseko chili chotsegula. Ndinaima pakhomo n'kulemba kuti "Odi." Anthu ankangondipyola, kulowera pamimba kutulukira kumsana, koma woti "lowani" panalibe. Ndinalembanso. Nyumba ya eni sungangolowa ngati mbuzi, makamaka uli pa kabudula.

Kenako munatuluka chimayi chobiriwira, mano otulukira kunja, nkhwangwa paphewa. Ndinayamba kuyang'ana kothawira. Pamwamba pa mutu wake panabwera mawu a Chichewa.

"Ababa, ndine. Kuno sitiodira."

Mkazi wanga anayandikitsa nkhope pagalasi, anayang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu sindinabereke ine."

Ndinalemba zimenezo momwe anazinenera. Mwanayo anayankha kuti ndiwauze amayi kuti chimayi chimenechi nguluwe zimachithawa. Ndinachipatsa ulemu pomwepo.

Ananditengera pabenchi ya panja, n'kundiuza pokanikiza kuti ndikhale pansi. Tinakhala moyandikana, iye ndi nkhwangwa, ine ndi ndodo. Ndinatembenukiranso ku Makwasa kuti netiweki isathawe. Kenako mawu anayamba kutuluka pang'onopang'ono. Anati ntchito yake inatha kalekale, chisanu chisanayambe. Akugona kwa mnzake, pansi. Pafoni ankalephera kunena chifukwa ankaopa kumva mawu anga akusintha.

Ndinafuna kumugwira paphewa. M'munsi mwa galasi munali tizithunzi tambiri, ndiye ndinasankha kena kooneka ngati dzanja. Kamunthu kanga kanadzuka pabenchi n'kuyamba kuvina. Osati kuvina kwaulemu kwa pa chinkhoswe ayi, koma kudula chiuno, manja m'mwamba, ndodo ikuzungulira. Ndinakanikiza paliponse kuti kaleke, kanawonjezera liwiro. Mwana wangondiuza kumene kuti akuvutika kudziko la eni, bambo ake akuvina ndi kabudula pakhomo pa alendo. Wa pa nkhuku uja anaima kuti aonerere, kenako anatsika n'kuyamba kuvina nane. Mulungu ndi mboni.

"Mukutani kodi inu?" anatero mkazi wanga.

"Ndikumupepesa."

Gemu inazimiririka, foni inalira. Anali mwanayo, akuseka mpaka kutsamwa, ndipo patapita kanthawi sikunalinso kuseka. Ndinamusiya amalize. Ndinamuuza kuti kwawo kulipo, tiyi akuphukabe, akafuna kubwera abwere, palibe amene amufunse kanthu. Mayi ake anandilanda foni n'kuyamba kumufunsa zonse, kuyambira chomwe wadya mpaka chifukwa chosankhira mano oterowo. Analankhulana mpaka batire inatha, udzudzu utatimaliza miyendo.

Kamunthu kaja sindinakaimitse. Monga ndikudziwira, kakuvinabe.