Nyumba Yotchipa Inandiumitsa Bere

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene muli ndi khanda kumsana, ndati ndikuululireni uchitsiru wanga kuti wina asadzaponde pamene ndinaponda ine. Ndinasiya nyumba yapafupi ndi kuntchito n'kuthamangira yotchipa kutsidya kwa Shire, ndipo amene analipira kutchipako ndi mwana wanga. Mpaka lero ndikakumbuka ndimanyansidwa ndi mutu wangawu.

Ndimasoka zovala m'shopu ina pa Bangula. Bambo a mwana analowera ku Joni ine ndili woyembekezera, choncho lendi, chakudya, sopo, zonse zinali pamutu panga. Ndinkakhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa msika, kotentha ngati uvuni, chimbudzi cholimbirana ndi mabanja ambirimbiri. Ndinkadana nako koopsa. Koma kanali ndi ubwino umodzi umene sindinkaulabadira. Mwini shopu sankalola mwana pantchito, ndiye masana ndinkangothamangira kunyumba, kukayamwitsa mwana wanga Madalo, amene ndinkamusiyira mayi wina wa pakhomo pomwepo, n'kubwerera pa makina abwana asanayambe kung'ung'udza.

Kasitomala wina anandiuza za nyumba ku Makhanga: zipinda ziwiri, njerwa zowotcha, malata, mtengo wa mango pabwalo, lendi theka la imene ndinkalipira. Ndinakaiona nyengo yotentha ija mvula isanayambe. Inali mbee! Ndinaona ndithu kuti laimu anamukhuthaza pakhoma kuchokera pansi mpaka cha m'chifuwa, koma sindinafunse. Ndinangoti landilodi wake ndi waukhondo.

Anaphiri, mayi wachikulire amene timasoka limodzi, anandichenjeza. “Amake Madalo, chilimwe nyumba iliyonse ya kumeneko ndi yokongola. Mukaionenso mvula ikagwa.” Ine ndinaseka, mumtima ndikuti ndi nsanje basi. Paja wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu langali linali lachikopa.

Ndinasamukira kumeneko, ndipo moyo wake unali uwu. Kudzuka nkhuku zisanatsike, kabaza mpaka padooko, kudikira bwato lidzaze, kuwoloka, kenaka wapansi mpaka kushopu. Madzulo chimodzimodzi. Ndalama zimene ndinkati ndikupulumutsa zinkathera kwa akabaza ndi eni mabwato, koma manyazi anandiletsa kuvomera. Madalo, amene anali asanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi, ndinkamusiyira a Nyatembo, mayi wamasiye woyandikana naye nyumba, wogulitsa nsomba zouma. Anali munthu wamtima wabwino, izo sindingawanamizire. Koma analibe bere loyamwitsa, ndiye mwana akalira masana ankamupatsa kaphala kamadzimadzi. Ine uku ndili pa makina, mkaka ukudontha wokha. Pobwerera m'bwato, ndi kutentha kwathu kuno, bulauzi inkanunkha chisasa moti oyandikana nane ankatembenukira kumadzi.

Kenaka mvula inabwera. Tsiku lina ndinawoloka bwinobwino m'mawa, osadziwa kuti kumapiri kwagwa chimvula ndipo mtsinje wa Ruo wakwiya. Pofika padooko madzulo ndinapeza dooko kulibe, madzi okhaokha ofiira, akukokolola nthochi, madenga a udzu ndi mbuzi zofufuma. Eni mabwato anakana kwamtuwagalu. Ndinalira, ndinapempha, ndinatukwana, koma palibe anagwira nkhafi. Amene anandisunga ndi Anaphiri omwewo ndinawaseka aja, ndipo anangondiyalira mphasa.

Masiku anapitapo ndili tsidya lino, mafoni a kumeneko osagwira. Mabere anatupa gwa, ngati miyala. Ndinkapita kuseri kwa shopu kukafinyira mkaka pansi, ntchentche n'kuunjikana pomwepo. Abale inu, chakudya cha mwana wanga chikudyedwa ndi ntchentche, ine osadziwa ngati mwanayo ali moyo!

Madzi atachepako ndinawoloka ndi bwato loyamba. Nyumba yanga yokongola ija ndinaipeza matope mpaka pazenera. Chimbudzi chinali chitagumuka, zonyansa zonse zili pabwalo, zina m'nyumba, m'mapoto momwe. Laimu uja anali atasupuka, ndipo pakhoma panaoneka mizere ya madzi a zaka zam'mbuyo, wina pamwamba pa unzake. Ndinasanza pomwepo.

Anthu anali atathawira kusukulu ina ya pamtunda. Kumeneko ndinakapeza Madalo ali kumsana kwa a Nyatembo, wamoyo. Ndinamulanda, n'kukhala pansi, n'kutulutsa bere. Asanaligwire n'komwe, a Nyatembo anandigwira dzanja.

“Nkhabe, ayi ndithu, amake Madalo! Bere logona kutali ndi mwana sayamwitsa. Mkaka umenewo wawola, mupha mwanayu.”

Amayi ena onse anavomerezana nawo. Ndipo ine, amene ndinali nditatopa ndi fungo langa lomwe, ndinakhulupirira. Mwana akulira, akukoka bulauzi ndi timanja take, ine ndinachotsa timanjato n'kubweza bere m'kati. Pa zonse zimene ndinalakwa, ichi ndiye chimandisowetsa tulo.

Tinapitiriza phala, lophika ndi madzi omwewo a chigumula. Pasanapite nthawi Madalo anayamba kutsegula m'mimba. Maso analowa, liwombo linalowa, kulira kwake kunangotsala kamawu ngati ka mwana wa mphaka. Ndinawoloka naye kupita kuchipatala, ndipo anatigoneka kuchipinda cha ana onyentchera. Namwino atandifunsa chifukwa chimene ndinamusiyitsira kuyamwa, ndinafotokoza zonse. Iye anati:

“Mayi, mkaka suwola m'bere. Mukanangomuyamwitsa tsiku lomwelo.”

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Anandilimbikitsa kuti ndizimuikabe kubere, mwina mkaka ubwerera. Ndinayesa, koma unali utachepa kwambiri, mwananso anali atataya mtima, ankangotembenuza mutu. Mapeto ake bere linauma.

Titatuluka m'chipatala ndinapita kukatenga katundu wotsala. Mukudziwa amene ndinamupeza? Landilodi, ali ndi ndowa ya laimu ndi bulashi, akukwirira mizere ija mwaluso. Anandipatsa moni akumwetulira, n'kundikumbutsa za lendi ya mwezi umene nyumba inali m'madzi. Anati pali kale banja lina laifunsa. Ndinalavula pansi n'kunyamula mtolo wanga. Komabe sindingamunyoze yekha, pakuti laimu uja ndinamuona ndi maso angawa tsiku loyamba lomwe.

Panopa ndinabwerera kuseri kwa msika, m'kachipinda kotentha ngati komwe kaja. Pamzere wa kuchimbudzi ndimaima osadandaula. Madalo ali moyo, Mulungu ngwamkulu, koma ndi wamng'ono kuposa anzake obadwa nawo limodzi, ndipo kusikelo ndikaona amayi anzanga akuyamwitsa ndimayang'ana kumbali.

Inu owerenga, musanasangalale ndi kutchipa kwa nyumba, funsani chimene yatchipira. Kaioneni nyengo ya mvula, funsani oyandikana nayo, yang'anani pakhoma. Yendani ulendo wa kuntchitowo ndi miyendo yanu, mudzifunse amene azikulerani ana inu muli panjira. Ndipo mukasiyana ndi khanda lanu masiku angapo, musamvere za bere lowola, thamangirani kuchipatala mukafunse.

Mwezi wathawu a Nyatembo anabwera kumsika kuno ndi nsomba zawo, n'kudzera kwathu kudzationa, monga amachitira nthawi ndi nthawi. Madalo anali pamiyendo panga. Mwanayu anachedwa kuyankhula, ndipo ndinali ndikudikira tsiku ndi tsiku kuti anditchule. Atangowaona pakhomo anatsetsereka, n'kuthamanga mwapendapenda, manja m'mwamba.

“Mama!”

Aka kanali koyamba kumumva akutchula mawu amenewo. A Nyatembo anamunyamula, maso ali pansi. Ine ndinadzuka kukawaterekera tiyi.