Tsiku limene adada anataya munda wa kudambo

Ku Kaseye konse banja lathu lokha ndi limene linkapemphera osayimba. Lamulungu m'mawa anzathu akamadutsa panjinga kupita ku tchalitchi, ife tinkakhala pa mabenchi awiri m'chipinda chosungiramo nyemba, manja pa maondo, tili duu. Adada ankati tikudikira Mulungu alankhule. Ine miyendo inkandiyabwa, maso ali pakhomo.

Chipembedzochi anabwera nacho ndi asekuru, bambo awo a adada. Ali mnyamata anayenda pansi kuwoloka Songwe kukagwira ntchito m'minda ya khonje ku Tanganyika. Kumeneko anadwala kamwazi, ndipo anawasamalira anali bambo wina wa ku Kenya, wa mpingo wa Makweka, omwe eni ake amadzitchula kuti Marafiki, kapena kuti Abwenzi. Asekuru anabwerako ndi pulawo yakale komanso khalidwe limene anthu ankaliseka: sankalumbira, ndipo sankabwezera ngakhale munthu awatukwane pagulu. Adada anatengera zonsezo, pamodzi ndi minda iwiri, wa kumtunda wamiyala ndi wa kudambo umene unkatidyetsa.

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Folomu 4, msuweni wa adada anabwerako ku Zambia komwe anakhalitsa. Mvula yoyamba itagwa tinapeza atazula khonje wa m'malire, ng'ombe zake zitalima theka la dambo lathu. Achimwene anga anatola zikwanje. Adada anaima pakhomo, nawauza kuti azibweze pamene anazitenga.

Nkhani inayenda mpaka inakafika kukhoti ku Boma. Adada ndinawaperekeza ndine, poti ndinkadziwa Chingerezi, ndipo ulendo wonse ndinkawaphunzitsa zokanena ngati mwana wa sukulu.

Kalaliki atawapatsa Baibulo, adada anapinda manja kumbuyo.

"Ndinena zoona, bwana, koma sindilumbira. Ndikalumbira lero ndiye kuti masiku ena onse ndimanama."

Anthu anaseka, koma woweruza anawalola kungolonjeza. Mtima wanga unakhala pansi pang'ono. Kenaka anawafunsa ngati anaona ndi maso awo malirewo akuikidwa.

"Ayi, ndinali ndisanabadwe."

Akanalekera pomwepo. Koma anakhala chete kanthawi, monga ankachitira Lamulungu, n'kuwonjezera zimene palibe anawafunsa.

"Pali china. Adada anga asanamwalire anandiuza kuti chigawo cha kumunsi anachita kubwereka kwa bambo ake a mbale wangayu, pamene eni akewo ankapita ku migodi. Sanabwere kudzachitenga. Ine ndinkaganiza kuti nkhaniyo inatha ndi akuluakulu."

Msuweni uja anayang'ana pansi. Mwini wake sankaidziwa nkhaniyi, ankangoyesa mwayi. Dambo linagawidwa, ndipo mbali ya nthaka yakuda inapita kwa iye.

Pobwerera, titafika pa mtsinje wa Lufita, ndinatsika panjinga.

"Adada, anakufunsani ndani zimenezija? Tidya chiyani, miyala ya kumtunda?"

"Ndinkazidziwa, mwana wanga. Ndikanatani nazo?"

"Mukanakhala chete. Si ndinu akatswiri a kukhala chete?"

Anakankha njinga, ine ndikutsatira patali, mpaka kunyumba.

Sindinathe chaka pakhomopo. Ndinapeza malo ophunzitsa ku Wenya, komwe ndinkayenda pansi maola angapo kuti ndikafike pamsewu. Kumeneko sindinakhazikike. Ndinapempha kusamutsidwa, ndinapemphanso, ndipo ndalowa mipingo itatu yoimba mokweza popanda kupeza umene ndingautche wanga. Patchuthi ndinkafika kwathu ndi thumba la ufa, n'kuliponya pakhonde mwadala kuti adada alimve kulemera kwake. Iwo ankangothokoza kuti, "Yewo, mama," n'kubwerera kukatola miyala m'munda wa kumtunda. Anadzalamo mpendadzuwa ndi mawere, amene kwathu timati malezi, ndipo zaka zina tinkakwanitsa, zina ayi. Amama anandiuza kuti ng'ombe ya msuweni uja itafa, adada anamubwereka yawo kuti akalimire dambo lomwelo. Sabata imeneyo sindinadye bwino.

Adada anamwalira mu June wapitawu, m'nyengo yozizira. Msuweni uja, wokalamba tsopano, anabweretsa mbuzi ndi nkhuni, nakhala pa maliro masiku onse. Ndinkamuyang'ana, kudikira kuti anene china chake chokhudza munda. Potsanzika anandigwira dzanja nthawi yaitali, napepesa kuti, "Pole, mwana wanga," basi.

Achimwene akufuna tidzutsenso mlanduwo. Akuti mboni yokhayo imene inatigwetsa yapita, ndipo popeza ndine wophunzira, ndilembe ndine kalata. Pepala ndinagula. Ndalemba mzere woyamba kanayi ndi kung'amba kanayi. Mvula yayandikira, ndipo dzulo achimwene anaimbanso foni kufunsa ngati ndamaliza. Ndinawauza kuti ndibwera Loweruka tidzakambirane, koma sindikudziwa chimene ndikanene.