Dzanja la Amuna Anga ndi Kanema wa Alamu

Chinayamba ndi m'mimba. Inali nyengo ya mwera, amuna anga a Longwe akulemba dzina pa boti la munthu wina ku Chikale. Anabwera masana atapindika, akuti m'mimba mukupota, ndipo anatha masiku osapita kuchimbudzi. Tinati ndi kondowole, nsima yathu ya chinangwa. Koma chakudya chinayamba kuwakanika, mutu kuwawa, ndipo munthu amene sanandikwezerepo mawu chikwatiranireni anayamba kukalipa pa zinthu zachabechabe.

Ntchito yawo inali ya burashi. Zikwangwani za magolosale ambiri m'tauni muno, mayina a maboti, nsomba ndi mbalame za pa makoma a malo ogona alendo, zonsezo ndi dzanja lawo lamanja. Ana athu anayi ankadya dzanja lomwelo.

Masiku amenewo alamu anga a Wiliyamu, akulu awo a amuna anga, anali atangobwera kuchokera ku Joni kumene anali kalaliki, atanyamula makina a vidiyo. Pa makaseti awo panali kanema wina wakale wa mzungu wojambula zithunzi amene anazunguzika mutu mpaka kudzipha. Ankamuonetsa pabalaza pawo Loweruka lililonse, iwo ataimirira pambali n'kumamasulira. Ndi kanema wabwino ndithu, inenso ndinalira. Koma alamu atamuona kambirimbiri anadzisandutsa dokotala. Anauza abale onse kuti mng'ono wawo wayamba misala ya anthu ojambula, kuti matendawo alibe mankhwala, ndipo kuti mathero ake tawaona tokha mu kanema muja.

Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Munthu akugubuduka ndi m'mimba, iwo akuti ndi luso lamukwera kumutu! Anabwera kwathu n'kutenga mipeni yonse, ngakhale kampeni kanga kopalira chinangwa. Anthu kumsika anayamba kutiloza ndi milomo. Ana ankabwera kuchokera kusukulu akulira kuti anzawo akuti bambo awo ndi a mu kanema. Nditanena zopita kuchipatala, alamu anati chipatala cha munthu wotere chili ku Zomba kokha, ndipo tidikire apeze galimoto ndi anyamata omugwira. Ine ndine mtengwa, mawu anga pa bwalo la abale awo analibe mpando. Tinadikira choncho mpaka mvula yoyamba inagwa.

Tsiku lina m'mawa amuna anga anatenga kapu ya tiyi, kapu inagwa. Dzanja lamanja linali litalendewera pamfundo ngati khosi la nkhuku yozinga kale. Anayesa kulidzutsa, osatheka. Anangoliyang'ana n'kuyamba kulira mwakachetechete. Alamu atamva anati nazonso n'za m'mutu. Pamenepo m'pamene ndinasiya ulemu. Ndinamanga kachikwama, ndinayang'ana ngati makhadi athu a chipani alimo kuopa kubwezedwa panjira, ndipo tinakwera basi osatsanzika munthu.

Kuchipatala tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anawayeza magazi n'kupeza kuti ndi ochepa kwambiri. Anatigoneka. Ine ndinkagona pansi pa bedi pa chitenje, m'mawa n'kumakaphika kukhitchini kwa oyang'anira odwala. Malungo sanawapeze, njoka za m'mimba sanazipeze. Patapita masiku angapo dokotala wina wachikulire anaima nthawi yaitali pa bedi lathu. Anagwira dzanja lija, kenako anawatukula mlomo n'kundiitana kuti ndione. M'mphepete mwa nkhama, pamene mano amamerera, munali kamzere kakuda. Anafunsa ntchito yawo, n'kufunsanso mmene amasongolera burashi akamalemba zilembo zing'onozing'ono. Amuna anga anaonetsa: amaiika pakamwa n'kuipotoza ndi milomo, monga anawaphunzitsira amene anawaphunzitsa ntchitoyo. Penti wake anali wofiira uja wopaka zitsulo kuti zisachite dzimbiri, wotsala m'zitini kudoko, ndipo popala penti wakale pa maboti fumbi lake ankangolipuma.

Dokotala anati, "Mayi, amuna anu si amisala. Mu penti ameneyu muli mtovu, ndipo akhala akuudya pang'onopang'ono kwa zaka. Mukanabwera pamene m'mimba munayamba, dzanja ili likanapulumuka lonse."

Mawu omalizawo anandilasa. Ndinatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, nditakwiya koopsa.

Mankhwala ochotsa mtovu m'thupi panalibe pafupi, anachita kuitanitsa kutali, ndipo tinawadikira milungu. Atafika, anali a diripi ndi majakisoni owawa, kupatsa masiku angapo, kupumira, n'kuyambanso. Anamwino ankayeza mkodzo tsiku ndi tsiku ndi kuwakakamiza kumwa madzi ambiri. Dzanja analimangirira pa kathabwa kuti lisapindikiretu, ndipo mnyamata wa zolimbitsa mafupa anawapatsa kampira koti azifinya. M'mimba munayamba kuleka, tulo tinabwerera, ukali unatha. Tsiku limene anandiseka kuti tiyi wanga ndi madzi a m'nyanja, ndinadziwa kuti munthu wanga wabwerera. Alamu anabwera kamodzi ndi nthochi, n'kumauza odwala a pa mabedi oyandikana kuti iwo anadziwa kale kuti vuto ndi penti.

Tinatuluka mvula itatsala pang'ono kutha. Lero amuna anga ali bwino, amadya, amaseka, amaimba kwaya ku tchalitchi. Dzanja lamanja limagwira khasu ndi supuni, koma burashi yaing'ono limaitaya. Anaphunzira kulemba ndi lamanzere, ndipo zilembo zake zimatsamira mbali imodzi. Ntchito zabwino zija zinapita kwa ena. Burashi saiikanso pakamwa, popala penti amamanga nsalu kumphuno, ndipo sakhudza chakudya asanasambe ndi sopo.

Inu amene mumagwira penti, ndi inu akazi awo, m'mimba mukayamba kupota kapena munthu akasintha khalidwe, thamangani naye kuchipatala sabata yomweyo, ndipo mukanene ntchito imene amagwira. Musadikire bwalo la abale, ngakhale wolankhulayo akhale wodziwa Chingerezi chotani.

Chaka chatha alamu anatsegula nyumba yoonetsera vidiyo pafupi ndi msika, ndipo popanda manyazi anapempha mng'ono wawo kuti awalembere chikwangwani. Amuna anga, mtima wawo wabwinowo, analemba. Alamu atachiona anadandaula kuti zilembo zapendama, achikonze. Ndinayankha ndine, pamaso pa anthu.

"Ada, chisiyeni choncho. Kulemba alemba ndi iwo, koma kupendamako ndi ntchito yanu."

Chikwangwanicho chilipobe, ndipo ndimadutsa pansi pake tsiku lililonse ndikamapita kukagula usipa.