Ndege Yaing'ono ya ku Pemba

Ku Biwi ndinkakhala mpanda umodzi ndi amayi ena a Chisilamu ochokera ku Mangochi, aakulu kwa ine. Tonse tinkagulitsa nsalu, ndipo kokaoda ku Tanzania tinkapita limodzi. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa pa chilumba cha Pemba. Atabereka, mkamwini wawo anatiuza kuti tikamaliza kuoda tiwolokere ku Zanzibar, ndipo kuchokera kumeneko atilipirira ndege.

Ndisananyamuke n'komwe, Biwi yense anali atamva kuti ndikukakwera ndege. Ndinanena potunga madzi, ndinakanenanso kutchalitchi. Ndinasoketsa diresi ku Mchesi.

Ndegeyo inali ngati minibasi. Woyendetsa tinkamuona msana. Amayiwo anali atavala nsalu yatsopano yoyera, yoti akaonekere nayo kwa apongozi a mwana wawo. Ataona kuti ndili ndi mantha, anandigwira dzanja.

"Musaope achemwali, ndi pafupi. Kuchoka ku depoti kupita ku Area 25 n'kutali," anatero.

Sananame. Zilumba ziwirizo n'zoyandikana moti ndege ikangokwera imayambanso kutsika. Koma titafika pamwamba pa madzi inayamba kugwedezeka. Kapepala kosanziramo kanali patsogolo panga pomwepo, koma sindinkadziwa ntchito yake. Ndinasanzira pa miyendo pawo, nsalu yonse n'kuipa.

Bwalo la ndege la ku Pemba ndi laling'ono, lopanda pobisala. Zikwama zathu zinali zisanatsitsidwe, ndiye analibe chosinthira. Titangotuluka tinapeza abale a mkamwini atafola pakhomo, mwana wawo atanyamula khanda. Onse anayang'ana nsaluyo. Ine diresi langa linali lopanda kadontho.

Mwana wawo anafunsa m'Chichewa, "Amayi, chachitika n'chiyani?"

"Ukalamba, mwana wanga. Ndege yandikana," anayankha akuseka.

Azimayi a kumeneko anawatenga kukawatsuka, akuwapepesa, ena akuseka chamumtima. Ine anandipatsa khanda kuti ndinyamule, n'kumandiyamikira kuti ndine wolimba mtima. Masiku onse amene tinakhala kumeneko chakudya sichinkatsika bwino. Pobwerera ndinawachonderera kuti tikwere sitima ya pamadzi, ndipo anavomera osafunsa chifukwa.

Titafika ku Biwi, azimayi anatizungulira pampopi kuti amve za ndege. Ndinayang'ana pansi, kudikira kuti aulule. Iwo anangoti, "Tinayenda bwino, kungoti ndi pafupi kwambiri. Munthu sukhuta."

Patapita masiku ndinasankha nsalu yabwino pa katundu wanga n'kupita nayo kunyumba kwawo. Anaitambasula, anaiyamikira, kenako anaipinda n'kundibwezera.

"Kagulitseni, muli ndi ana a sukulu," anatero.

Panopa anasamukira ku Area 23. Tikakumana mu msika timacheza za mitengo ya katundu ndi za mdzukulu wawo, amene tsopano akuyenda. Za ndege sanazitchulepo, ndipo ine ndimalephera kuziyamba.