Mpando wa Kumbuyo Uli ndi Mwini

Mdala wina wa kufupi ndi njanji, chiwachotsereni ntchito pamene mafakitale a ku Kafue anayamba kugulitsidwa, amayendera mipanda ya famu ina ku Shimabala pa chithuthuthu cha mawilo anayi. M'mawa uliwonse amagwada kuyesa mpweya m'matayala, kuona oilo ndi kufinya mabuleki, kenako amamanga chipewa cholimba pachibwano. Sathamanga, ndipo sanyamula munthu.

"Mukakwera awiri chimagubuduka," amatero. Amadziwa bwino, pakuti akazi awo, bana Chimango, anafera pa ngozi yotere dzinja lina. Komabe asanalize injini amapukuta kumbuyo kwa mpando, n'kunena chapansipansi, "Gwirani zolimba."

Tsiku lina masana neba wawo Ennie anawaimitsa, mwana wodwala akulira kumsana.

"Ba mdala, tiperekeniko ku kiliniki."

"Apa sindingakukwezeni, mayo. Ndikatenge motoka ya pa famu." Anacheuka. "Bana Chimango, tsikani, mutsale nawo."

Ennie anaona masipuling'i akumbuyo kwa chithuthuthu akudzuka pang'onopang'ono ngati mtolo watulidwa. Mdala atapita, mwana uja analeka kulira, natambasulira dzanja pambali pa amake pamene panalibe munthu.